Batani la Kumanzere

Sabata ino ndinakwera basi pa Ruda, kwathu kuno ku Honde, pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga, Tadala, ulendo wa ku Chipinge. Sitinkapita kumaliro kapena kuukwati. Tinkakafunafuna mawu a munthu, mawu enieni otuluka pakhosi, amene anasowa m'kompyuta.

Mwini mawuwo ndi a Matewere. Ali moyo, musadzidzimuke. Koma sadzalankhulanso.

A Matewere anachoka ku Mulanje ali mnyamata, n'kuwoloka malire kudzathyola tiyi kuno. Anayambira ku Honde konkuno, komboni imodzi ndi malemu bambo anga, kenako anasamukira ku maesiteti a ku Chipinge komwe anakwatira mayi wachindau n'kukhazikika. Inu amene munakulira m'makomboni mukuwadziwa anthu a mtundu wawo. Pamaliro pakangoti zii, onse amatembenukira kwa iwo kuti ayambitse nyimbo. M'munda, dengu lili kumsana, dzuwa lili paliwombo, iwo ndi amene ankaponya mzere, ena n'kumavomera. Nyimbo zawo sizili m'buku lililonse. Zina anabwera nazo kuchokera kwawo, zina ankapeka okha pakati pa mizere ya tiyi, zonyogodola kapitawo, zolira kumudzi, zoseka anyamata amene ankakwatira kuno n'kuiwala njira yobwerera. Kusukulu sanapondeko. Ngakhale dzina lawo amasaina ndi chala.

Ndiye matenda, posankha pokhala m'thupi lonse lija, anasankha pakhosi. Madokotala anati ndi khansa, ndipo kuti moyo upulumuke ayenera kuchotsa kholingo lonse. Anawauza mosabisa kuti akadzatsitsimuka pambuyo pa opareshoni adzapuma, adzadya, adzayenda, koma mawu adzawasiya komweko.

Mwana wawo wamkazi, Mai Sithole, ndi mphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi nkhalango ya Chirinda. Atamva zimenezi anaganiza chinthu chanzeru: ajambule nyimbo za bambo ake mpeni usanafike. Mufunsa kuti bwanji sanangojambula pa foni. Foni yake ndi yong'aluka, yodzaza, ndipo mawu imawatulutsa ngati munthu akulankhulira m'chitini. Iye ankafuna chinthu chabwino, choti adzukulu adzamve bwinobwino mmene agogo awo ankaimbira. Choncho anaimbira foni Tadala.

Tadala wathu anaphunzira za makompyuta m'tauni, koma ntchito sanaipeze. Amakhala kwa mayi ake ku Mandeya. M'mawa amathandiza kudula nthochi ndi kukweza pa lole, masana sola ikadzaza batire amakhala pansi n'kumalemba mapulogalamu. Ndi mwana wakhama, wosalankhulalankhula, ndipo ndimamunyadira ngakhale zambiri zimene amachita sindizimvetsa. Chaka chathachi anapanga pulogalamu yojambulira mawu a akuluakulu athu. Umalumikiza maikolofoni, nkhalamba n'kuimba kapena kusimba za ulendo wake, iwe pansi pake n'kulemba dzina, mudzi wa kwawo ndi mawu a nyimboyo, kuti mdzukulu wosamva Chinyanja azitsatira ndi maso.

Vuto lake linali limodzi, ndipo nonse mukulidziwa. Makompyuta athu kuno ndi a kaunjika, aja timati mabhero. Sitisankha. Ya kutchalitchi kwathu inatsala ku ofesi ya esiteti atagula zatsopano, ndipo imayendera Windows. Za m'masukulu ena a ku Chipinge zinabwera ndi akufuna kwabwino, muli Linux. Wina mwana wake ali kunja, anamutumizira Mac yomwe iye anatopa nayo. Kwa inu amene simuzitsata, amenewa ali ngati mabanja atatu, lililonse ndi mwambo wake ndi chilankhulo chake. Pulogalamu yolembedwera banja limodzi, ukapita nayo kwina sidzuka n'komwe.

Kale munthu ankayenera kulemba katatu. Masiku ano kuli zida zimene akatswiri amati fulemuweki. Tadala atandifotokozera ndinati, "Basi ndi chikombole chimenecho," iye n'kuseka, ndipo kuchokera pamenepo kwathu timangoti chikombole. Umaponda dothi lako kamodzi, chikombole n'kukuumbira njerwa ya Windows, ya Linux ndi ya Mac. Eni ake amalonjeza kuti ukalemba kamodzi, pulogalamu yako igwira paliponse. Mtsikana mmodzi wokhala pakati pa nthochi, wopanda gulu lomuthandiza, lonjezo lotere sangalikane.

Panali nkhani inanso ya mawu a pa mabatani. Tadala poyamba anawalemba m'Chingerezi. Atatisonyeza kutchalitchi ku Ruda Lamulungu lina titaweruka, akuluakulu anakana. Anati pulogalamu yosungira Chinyanja ilankhule bwanji Chingerezi? Tinakhala pamthunzi n'kumasankha liwu limodzilimodzi: Tsegulani, Jambulani, Imani, Sungani, Musasunge. Tsiku limenelo tinasangalala kwabasi. Amayi ena mpaka nthungululu, poona chilankhulo chathu chili pa sikirini ngati zilankhulo za anthu ena.

Ndiye Tadala anatumiza ku Chipinge njerwa ya Linux, poti laputopu yomwe Mai Sithole anabwereka kusukulu ndi ya mtundu umenewo. Anatumizanso uthenga wa mawu pa foni wofotokoza zochita. Uthengawo ulipobe, ndaumva ndi makutu anga. Kumapeto kwake akuti: "Anti, mukamaliza mukatseka, patuluka kabokosi kofunsa. Musavutike, ingodinani batani la kumanzere, basi zatheka."

A Matewere anaimba. Anthu a kumeneko akuti anayamba mame asanaume, n'kumapumira, kumwa madzi ofunda, n'kuyambanso. Pakhosi pankawawa moti misozi inkatuluka, koma akauzidwa kuti apume ankakana ndi dzanja. Anansi anadzaza pakhonde, ambiri achindau osamva mawu a nyimbozo, n'kumangowomba m'manja, poti anzawo ovomera aja onse anatsikira kulichete. Pofika madzulo mawu anali atasasa, ndipo anauza mwana wawo kuti, "Ndakhuthula zonse, mwanangu. Tsopano akadule."

Mai Sithole anatseka pulogalamu. Kabokosi kanatuluka. Anadina kumanzere.

M'mawa mwake laputopu inabwerera kusukulu, iye n'kuperekeza bambo ake kuchipatala cha m'tauni komwe anakakhala nthawi ndithu. Opareshoni inayenda bwino. Atabwerera kunyumba anakabwerekanso laputopu ija kuti bambo ake adzimve okha akuimba. Anatsegula, osapezamo kanthu. Anafufuza paliponse, n'kubisa laputopuyo m'kabati, ndipo anangowauza bambo ake kuti batire yafa. Kenako anatiimbira foni akulira.

Ndiye ulendo wathu uja. Kuchoka ku Honde kukafika ku Chipinge ndi tsiku lathunthu, kusintha basi ku Mutare, ndipo njira yonse Tadala anafungatira chikwama pamiyendo. Ine ndinkayesa kumulimbitsa mtima kuti mwina fayilo yangobisala penapake, poti makompyuta ali ndi chizolowezi choika zinthu pomwe sunawatume. Ndinamugulira chimanga chootcha, anangochigwira mpaka chinazizira.

M'mawa mwake tinakumana ndi Mai Sithole kusukulu, m'kalasi mopanda ana, kuti nkhalamba isadziwe msanga. Tadala anatsegula pulogalamu yake pa laputopu ya sukulu, anajambula kutsokomola kwanga, n'kutseka. Kabokosi kanatuluka. Mwanayo anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa.

Kumanzere kunali Musasunge. Sungani anali kumanja.

Anatulutsa laputopu yake m'chikwama, ya Windows, n'kuchita chimodzimodzi. Pa yakeyo Sungani anali kumanzere, monga ananenera mu uthenga uja. Pulogalamu imodzi, yolembedwa ndi dzanja limodzi, makompyuta awiri ali pa desiki limodzi, mabatani atasinthana malo.

"Wasintha ndani?" ndinafunsa.

"Chikombole, amalume," anatero motsitsa mawu. "Chimatero dala. Chikafika pa kompyuta chimayang'ana mwambo wa pamenepo. Pa Windows batani lovomera limayambirira, kumanzere. Pa iyi limakhala kumapeto, kumanja. Ndiye chimasuntha chokha kuti pulogalamu isaoneke yachilendo. Ndinawerengapo zimenezi. Ndinaona ngati ndi zabwino, n'kuiwala."

"Sunayese pa kompyuta ya mtundu uwu?"

"Ndikanaipeza kuti? Ku Mandeya kulibe. Ndinayesa kuika zonse ziwiri mu yangayi, inkatentha n'kuzima. Ndinangofunsa anti ngati yatseguka, anati yatseguka."

Ndinatembenukira kwa Mai Sithole. Sindinafune kumupweteka, koma funso linatuluka lokha. Iye ndi mphunzitsi, kuwerenga ndi ntchito yake. Sanaone zomwe zinalembedwa pa batani?

"Ndinawerenga, mukoma," anatero, kutanthauza achimwene. Chinyanja chake ndi chothyokathyoka, chosakaniza ndi cha mayi ake. "Musafunge, musaganize kuti ndinangodina ngati benzi wopanda nzeru. Ndinaona Sungani, ndikatya, ndinachita mantha. Kusunga si zomwe amachita mapurisa? Kana kusunga mbudzi pamtengo? Ndinati ndikadina apa, fayilo isungwa, sitsegukanso, ndipo mwina mawa baba akumbukira nyimbo ina. Ndiye ndinaona Musasunge ali kumanzere, komwe Tadala ananena. Ndinati zagwirizana."

Inu owerenga a kutali, ndikumasulireni. M'Chishona, kaya Chimanyika cha ku Honde kuno kaya Chindau cha ku Chipinge, kusunga ndi kumene ife timati kumanga: kumanga mbuzi, kumanga wakuba. Kusunga kwathuku iwo amati kuchengeta. Liwu limodzi, zilembo zomwezo, ndipo mayiyu analiwerenga bwinobwino m'chilankhulo chimene anayamwa. Kompyuta inamufunsa kuti, kodi ndisamale mawu a bambo ako? Iye anamva kuti, kodi ndiwamange? Ndi mwana wanji akanavomera?

"Mukanalemba sevu ya Chingerezi ija ndikanadziwa," anapitiriza, osati mokalipa. "Sevu aliyense amaidziwa."



Tadala anathera tsiku lonse akukumba m'kompyutamo. Anandifotokozera kuti chinthu chikafufutidwa sichichoka pompo, chimatsala kaye mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Koma laputopu ya sukulu sipuma. Pa nthawi yomwe nkhalamba inali kuchipatala, aphunzitsi analembapo mayeso, wina anaikamo mafilimu, wina zithunzi za ukwati wa mng'ono wake. Zomwe Tadala anafukula ndi tizidutswa ta phokoso, ngati mvula pa malata. Madzi akatayika saoleka. Dzuwa litapendeka anatseka chivundikiro n'kunena kuti palibe.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikufunafuna woti ndimukwiyire, ndipo sindikumupeza. Zimenezi ndi zomwe zikundipweteka kwambiri.

Ndikwiyire Tadala? Mwana amene anasenza yekha ntchito ya gulu, pofuna kupulumutsa chilankhulo chimene anzake amachita nacho manyazi? Ndikwiyire Mai Sithole poti sanafunse? Inde, safunsa anadya phula. Koma akanafunsa chiyani, pomwe kwa iye liwulo linali lomveka? Munthu amafunsa chimene sakuchidziwa, osati chimene akuganiza kuti akuchidziwa. Nanga ndikwiyire akuluakulu a ku Ruda, amene ankangofuna kuona Chinyanja pa sikirini asanafe?

Kapena eni chikombole? Ndayesa. Koma iwo sanalakwitse kalikonse. Chikombole chawo chinachita ulemu. Chinalowa m'nyumba ya eni, chinaona mmene eni amakhalira, n'kukhala momwemo. Mlendo wotere kwathu timamuyamikira kuti analeredwa bwino.

Komabe ndili nawo mawu. Akamati pulogalamu igwira paliponse, paliponse pawopo ndi pa tebulo limodzi pomwe pali makompyuta atsopano a mitundu yonse, magetsi osazima, ndi munthu wolembedwa ntchito yongodina mabatani kuti aone ngati zonse zili m'malo. Paliponse pathu ndi pena. Kompyuta yoyamba ili ku Mandeya, yachiwiri ili ku Chirinda, pakati pali mapiri ndi tsiku la pa basi. Yachitatu ili m'kabati mwa gogo wina yemwe akuopa kuiyatsa kuti ingawonongeke mwana wake asanabwere pa Khirisimasi. Ndipo kuti pulogalamu ikwanire ponseponse, chikombole chimaisenzetsa katundu wochuluka wa pa ulendo, moti kompyuta yokalamba ya kutchalitchi kwathu imayamba yabuula isanaitsegule. Lonjezo lija ndi loona kwa amene ali ndi zonse. Kwa ife limangotanthauza kuti pulogalamu itseguka, koma zimene ichite ikatseguka timadzazidziwira pa munthu.

Tadala akuti batani si lokhalo. Pa kompyuta ina kotsekera zenera kali pangodya ya kumanja, pa ina kumanzere. Pa ina ukatseka zenera pulogalamu yatha, pa ina imatsala ili maso kuseri. Mafayilo nawo aliyense amaika kwake. Tinthu ting'onoting'ono, toti munthu wa m'tauni akalakwitsa amangotukwana n'kuyambiranso, poti chomwe wataya ndi kalata yomwe angalembenso. Kuno zomwe timaika m'makompyuta nthawi zina zilibe kachiwiri.

Iwo amaganizanso kuti munthu aliyense ali ndi kompyuta yake imene anazolowera. Wa Linux dzanja lake limadziwa kale kuti kuvomera ndi kumanja, ndiye posuntha batani akumuthandiza. Koma Mai Sithole si wa Linux. Si wa Windows. Amagwira yomwe yapezeka tsiku limenelo, monga tonse timachitira. Mwambo womwe chikombole chinkalemekeza sunali wa munthu aliyense pakhonde paja.

Ndipo apa ndi pamene ndimataya mtima, chifukwa ndikayang'ana chikombolecho ndikuona ife tomwe. Makolo athu anafika kuno ali alendo, akutchedwa mayina amene sindifuna kuwabwereza pano. Anatiphunzitsa chinthu chimodzi: usaoneke wobwera. Kusukulu lankhula Chimanyika, ku Chipinge Chindau, ku ofesi Chingerezi, ndipo Chinyanja uzichinong'ona m'nyumba chitseko chili chotseka. Ena anasintha ndi mfunda womwe. Sindikuwanena, ankatiteteza. Tinaphunzira bwino kwambiri. Lero mwana wa m'komboni umamupeza paliponse, ndi namwino, ndi mphunzitsi, ndi dalaivala, ndipo palibe angamuloze chala. Timati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, n'kumadzitama. Mwambi unzake uja, woti mapanga awiri avumbwitsa, sitikonda kuutchula.

Akuti ziliponso zikombole zina zamakani, zosasintha kanthu, zoumba njerwa yofanana kulikonse. Eni makompyuta amazinyoza kuti zimaoneka zachilendo, sizidziwa khalidwe. Ndinamva zimenezi ndinakumbukira akuluakulu aja a m'komboni amene anakana kupinda lilime mpaka imfa, aja ankasekedwa m'basi akangotsegula pakamwa. Ankasekedwa, koma ukawafuna umawapeza pomwe unawasiya. Ife osasekedwafe ndi amene tasuntha.

Tayang'anani m'nyumba zanu zomwe. Gogo amalankhula Chinyanja, mdzukulu amayankha m'Chishona, ndipo onse amaganiza kuti akumvana poti mawu ambiri amafanana. Amamvanadi pa za mchere ndi za nkhuni. Koma ndi mawu angati amene ali ngati sunga, ooneka amodzi pomwe anasinthana malo osatiuza? Ndi malangizo angati amene nkhalamba zinapereka pa mphasa zili kutsirizika, ana n'kuvomera ndi mtima wonse, atamva zina? Tikanakhala kuti sitimvana n'komwe bwenzi tikufuna womasulira. Ife timamvana theka, ndiye palibe amene amaima kuti afunse.

Tadala akuti akonza. Anandiuza tili pakhonde la sukulu, maso ali ofiira. Pulogalamu izisunga yokha munthu akamajambula, osadikira kufunsa. Mabatani awakhomerera malo amodzi pa kompyuta iliyonse, kaya eni mwambo akonde kaya asakonde. Ndinavomera zonse. Kenako anati, "Ndipo mawu aja ndiwabwezera ku Chingerezi, amalume. Amene amadina mabatani ndi ife, si agogo. Ife Chinyanja chathu sichodalirika."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse. Ine amene sabata ndi sabata ndimakukalipirani pano kuti muzilankhula ndi ana anu chilankhulo cha makolo, ndinagonja. Mwanayo akunena zoona. Kuti tipulumutse Chinyanja cha nkhalamba tiyenera kuchichotsa pa mabatani, chifukwa ana ake chikuwasocheretsa. Ngati wina akuona chiyembekezo pamenepa, ali ndi maso akuthwa kuposa anga.

Nanga akonzera yani? Ku komboni komwe ndinabadwira, amene anawoloka malire ndi miyendo yawo atsala owerengeka, ndipo chisanu chilichonse chimatengapo wina. Tsiku lomwe pulogalamu idzakhale yopanda banga, yogwira pa makompyuta onse a padziko lapansi, ndikuopa kuti sipadzakhala woti akhale kutsogolo kwa maikolofoni.

Tsopano za nkhalamba ija. Sitikanabwerera osakaiona, ndipo bodza la batire linali litatha mphamvu.

Tinawapeza a Matewere atakhala pakhonde pa mpando wandalema, ataonda, kansalu koyera kataphimba bowo lomwe amapumira pakhosi. Anandizindikira msanga. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kuloza nkhope yanga, kenako kumwamba, kutanthauza kuti ndafanana ndi bambo anga. Ataona laputopu m'manja mwa mwana wawo nkhope inawala. Analoza laputopuyo, n'kuloza khutu lawo.

Mai Sithole anagwada pambali pa mpando. "Baba, ndiregerereiwo," anapepesa. Anafotokoza zonse m'Chindau, pang'onopang'ono, osabisa, osakankhira mlandu kwa wina aliyense. Tadala anaima kumbuyo kwanga.

A Matewere anamvetsera mpaka kumapeto. Sanalire. Anaika dzanja pamutu pa mwana wawo n'kumayang'ana ku minda ya tiyi, nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza zotsazika.

Kenako anayamba kugogoda ndi chala pa thabwa la mpando. Go, go, go, n'kupumira, n'kubwerezanso. Inali nyimbo. Anandiyang'ana ine, osati mwana wawo, osati Tadala. Pa anthu onse pakhonde paja, ine ndi amene ndimayenera kuidziwa.

Ndinaizindikira. Bambo anga ankaiimba akamanola mpeni wodulira tiyi. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba:

"Kapitawo yeza bwino, m'dengumo muli msana wanga."

Maso awo anadzaza misozi, akugwedeza mutu kuti eya, ndi imeneyo. Anakweza chala kundipatsa mzere wachiwiri.

Mzere wachiwiri sindiudziwa. Ndinali mwana, ndinkangomva poyambira, bambo akamafika pakati ine n'kuti ndathamangira kumpira. Ndinabwereza woyamba uja poganiza kuti wachiwiri ubwera wokha. Sunabwere. A Matewere anayamba kuuimba okha, milomo ikuyenda bwinobwino, liwu lililonse m'malo mwake, koma chomwe chinkamveka ndi mphepo yotuluka pansi pa kansalu kaja. Ndinasendera pafupi kuti ndiyang'anitsitse milomoyo. Anabwereza, ine osagwirapo kanthu. Anabwerezanso mpaka anatopa.

Ndiye ndikufunsa inu a ku Honde, a ku Chipinge, ngakhale a ku Mulanje komweko ngati pepala lino limakufikani: ndani akudziwa chimene chimatsatira kapitawo atauzidwa kuti ayeze bwino? Mwini nyimbo akuidziwa yonse, ndipo akadali pakhonde paja. Alipo woti akawaimbire?